Tsiku la mlandu: zimene timauzana ku Chinyunyu ndi zimene malamulo a Zambia akunena

Munthu wa ku Chinyunyu akabwerako ku khoti, abale sayamba n'kumufunsa zimene woweruza wanena. Amangoti, "Aukankhira liti?" Funsoli linazika mizu chifukwa aliyense amene anasumirapo mnzake, kapena kusumiridwa, amadziwa kuti tsiku lolembedwa pa samani kawirikawiri limangobala tsiku lina. Ndipo ulendo uliwonse umadya: ya minibasi pamsewu wa Great East, ya mwini mlandu ndi ya mboni zake, chakudya cha panjira, munda kugona wosapalira. Boma la Rufunsa linapatulidwa ku Chongwe mu 2012, koma khoti lalikulu la High Court likadali ku Lusaka, ndipo mlandu ukakula ndiko umalowera.

Ndikunena za milandu ya munthu ndi mnzake: ngongole, malire a munda, chuma chamasiye, kuchotsedwa ntchito, ng'ombe zodya chimanga cha eni. Milandu yaupandu, imene amazenga ndi boma, ili ndi malamulo akeake. Pa milandu yathuyi pali zambiri zimene timauzana pamaliro, kuchigayo ndi m'mabasi. Zina n'zoona, zina zinali zoona kale, koma zina zaluzitsa anthu milandu imene akanapambana.

"Mlandu suola"

Pabwalo la mfumu mwambiwu ndi woona. Ng'ombe imene anabwereka agogo ikhoza kufunsidwa kwa mdzukulu, akuluakulu n'kuitchera khutu nkhaniyo. Kwa majisitireti ndi ku High Court zinthu sizili choncho. Kumeneko mlandu uli ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo ikadutsa woweruza sangakuthandizeni ngakhale aone kuti munalakwiridwadi.

Zambia imagwiritsabe ntchito lamulo la ku England la 1939 lotchedwa Limitation Act. Pa ngongole, kapena pa pangano limene wina waswa, muli ndi zaka 6 zoti musume, kuwerenga kuyambira pamene munalakwiridwa. Munthu wovulazidwa, tinene wogundidwa ndi galimoto pamsewu waukuluwu, ali ndi zaka 3 zokha zoti afunse chipukuta misozi. Wochotsedwa ntchito ali ndi masiku 90 oti akadandaule ku khoti la za ntchito, kuwerenga kuchokera pamene njira zodandaulira za pantchitopo zathera, ndipo akachedwa amayamba wapempha jaji kuti amulole. Wosakhutira ndi chigamulo cha lokolo khoti ali ndi masiku 30 oti achite apilo kwa majisitireti.

Chimene chimandipweteka n'chakuti okodwa apa amakhala anthu aulemu. Mayi amene akuti ndisamuchititse manyazi mlamu wanga, ndidikire akolole, akakolola ndidikire agulitse, chaka ndi chaka mpaka zaka 6 zakwana. Pamene akupita ku khoti, wangongole uja amangoloza kalendala. Komatu lamulo la 1939 lija lili ndi pothawira pamene ambiri sapadziwa. Wangongole akalemba n'kusaina kuti ngongoleyo akuidziwa, kapena akabwezako pang'ono, zaka zija zimayambiranso kuwerengedwa tsiku limenelo. Wofuna kudikira mwaulemu adikire ali ndi kapepala kosainidwa m'manja.

"Palibe lamulo la masiku, woweruza amangochita mmene wafunira"

Lilipo, ndipo likuchokera pamwamba penipeni. Malamulo aakulu a dziko, monga anasinthidwira mu 2016, m'ndime 118 amalamula makhoti kuti chilungamo chisachedwetsedwe. Mu 2020, pa nthawi ya Jaji Wamkulu Irene Mambilima, malamulo a kayendetsedwe ka milandu ku High Court anakonzedwanso kudzera mu Statutory Instrument nambala 58, ndipo ambiri mwa masitepe a mlandu anapatsidwa masiku ake.

Wosuma saloledwanso kungofika ndi dandaulo lokha. Amabwera ndi kalata imene analembera mnzakeyo yoitanitsa zake asanapite ku khoti, mndandanda wa mapepala a umboni, ndi maina a mboni zake. Wosumiridwa amapatsidwa masiku oyankhira molingana ndi mtunda: 14 ngati samani yamupeza pamalo osakwana makilomita 100 kuchokera ku ofesi ya khoti, 21 ngati mtunda uli pakati pa 100 ndi 500, ndi 30 ukapitirira apo. Apa munthu wa ku Chinyunyu atchere khutu. Kuchokera ku Lusaka kufika ku akasupe a madzi otentha a ku Chinyunyu sikukwana makilomita 100, choncho iye ali ndi milungu iwiri yokha, pamene mnzake wa kwa Mpanshya, m'boma lomweli, ali ndi itatu. Milungu iwiri ndi yochepa kwa mlimi amene ayenera kugulitsa kaye mbuzi, kupeza womuwerengera mapepala achingerezi, kenako kufunafuna loya mumzinda.

Yankho likaperekedwa, jaji ayenera kuitana mbali zonse pasanathe masiku 30 kuti akonze ndondomeko ya mlandu wonse: tsiku losinthana mapepala, tsiku lopereka umboni wa mboni wolembedwa, mpaka tsiku lozenga. Mlandu umene wakhala masiku 60 osasuntha jaji akhoza kuutaya. Kuzenga kukatha, chigamulo chiyenera kutuluka pasanathe masiku 180, ndipo pa nkhani zing'onozing'ono za mkati mwa mlandu masiku ndi 90. Jaji akalephera ayenera kulemba zifukwa, kuzitumiza kwa Jaji Wamkulu, ndi kudziwitsa eni mlandu tsiku latsopano.

Si Zambia yokha imene inatenga njira imeneyi. England inayamba mu 1999 potsatira lipoti la Lord Woolf, limene linati majaji ndiwo aziyendetsa liwiro la mlandu, osati maloya. Malawi anachita zofanana mu 2017, ndipo kumeneko jaji wa High Court anapatsidwa masiku 90 otulutsira chigamulo.

Wowerenga watcheru waona kale kuti masikuwa salemera mofanana. Mwini mlandu akachedwa, mlandu umamuthera. Jaji akachedwa, amalemba kalata. Poyamba zimaoneka zokondera, ndipo n'chifukwa chake chikhulupiriro chotsatirachi chili ndi mphamvu kwambiri.

"Aphungu atangoika lamulo lakuti mlandu uzitha pofika tsiku lakuti, kuchedwa konse kungathe"

Mawu awa amamveka nthawi zonse pamene nkhani ya kuchedwa kwa milandu yabuka, pawailesi ngakhale pamisonkhano ya ndale. Ndi maganizo a anthu otopa, ndipo kutopa kwawo n'komveka. Koma Zambia inayesa kale mankhwala amenewa kawiri, ndipo ndi bwino tione zimene anachita.

Mu 2008 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la Industrial and Labour Relations Act n'kuikamo kuti khoti la za ntchito lizimaliza dandaulo pasanathe chaka chimodzi chiliperekereni. Cholinga chinali chabwino: munthu wochotsedwa ntchito alibe malipiro, sangadikire zaka. Koma aphungu sanalembe chimene chiyenera kuchitika chakacho chikatha mlandu usanathe. Milandu yambiri inkapitirirabe chaka, pakuti majaji anali ochepa ndipo madandaulo anali ochuluka. Mu 2021 khoti la apilo la Court of Appeal, pa mlandu wa kampani ya Guardall Security Group, linagamula kuti chaka chikatha khoti la za ntchito lilibenso mphamvu pa mlanduwo. Chigamulo chimene wantchito anali atapeza chinafafanizidwa, mlandu n'kubwezedwa kuti ukayambirenso. Taganizani za munthu amene wadikira nthawi yonseyo, wapambana, kenako akuuzidwa kuti kupambana kwakeko n'kwachabe chifukwa woweruza anachedwa. Lamulo lolembedwa kuti limuteteze ndilo linamulanda. Olemba anthu ntchito amene analuza milandu anapeza khomo lotulukira, ndipo aliyense wofuna kuthawa mlandu anaona kuti kuzengereza kuli ndi phindu.

Zinatengera khoti lalikulu koposa la Supreme Court kuti likonze zimenezi. Mu 2023, pa mlandu wa Citibank Zambia, linagamula kuti kutha kwa chaka sikuchotsa mphamvu za khoti, pakuti aphungu ankafuna kufulumizitsa milandu, sankafuna kulanga odandaula amene alibe ulamuliro pa buku la masiku la jaji. Ine ndikuona kuti linagamula bwino. Komabe pakati pa zigamulo ziwirizi panadutsa nthawi imene antchito ambiri sankadziwa ngati milandu yawo ili moyo.

Chitsanzo chachiwiri aliyense wamkulu akuchikumbukira. Malamulo a 2016 anapereka masiku 14 omvera dandaulo la chisankho cha pulezidenti. Hakainde Hichilema atatsutsa kupambana kwa Edgar Lungu pa chisankho cha pa 11 Ogasiti 2016, masiku ambiri anathera pa mikangano ya maloya yokhudza ndondomeko. Pa 5 Seputembala majaji atatu mwa asanu a khoti la Constitutional Court anagamula kuti masiku 14 atha, ndipo mlandu unafa umboni usanamvedwe. Kaya munthu anali mbali iti, dziko silinamve ngati madandaulowo anali oona kapena abodza. Bilu 10 ya 2019, yofuna kusinthanso malamulo aakulu a dziko, inali ndi ganizo lokweza masikuwo kufika 30, koma inali itanyamulanso zinthu zina zambiri zimene anthu anakangana nazo, ndipo inagwa pa 29 Okutobala 2020 itapeza mavoti 105 pamene inkafunika 111.

Sindikunena kuti malire a masiku ndi oipa. Kenya nayo ili ndi masiku 14, ndipo mu 2017 khoti lake linamva mlandu n'kufafaniza chisankho cha pulezidenti m'masiku omwewo, chifukwa linagawa nthawi molimba kuyambira tsiku loyamba. Ku Malawi mlandu wa chisankho cha Meyi 2019 unatenga miyezi pafupifupi 8, chigamulo n'kutuluka pa 3 Febuluwale 2020, umboni wonse utamvedwa. Kusiyana kwake kuli pa mmene khoti lagwirira ntchito m'kati mwa nthawiyo, ndi pa chimene lamulo lanena kuti chichitike nthawi ikatha.

Choncho phungu kapena wofuna uphungu akabwera ku Chinyunyu ndi lonjezo la lamulo la masiku, pali mafunso awiri oyenera kumufunsa. Tsikulo likakwana mlandu usanathe, woluza ndani? Ngati yankho ndi wodandaula, lamulolo likhala chida cha wolemera amene ali ndi loya wodziwa kuzengereza. Lachiwiri, adzazenge milanduyo ndani, ndipo kuti? Lamulo la 2016 lonena za chiwerengero cha majaji linaika malo 60 a majaji a High Court, pamene kalembera wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni m'dziko muno. Kalendala yokha siingawonjeze jaji, chipinda chozengera kapena kalaliki wotaipa. Lamulo la masiku limene silinabwere ndi ndalama zolembera anthu ntchito ndi kumanga makhoti m'maboma atsopano ngati Rufunsa lidzaswedwa ndi makhoti omwewo, monga linaswedwera la 2008.

"Mlandu ukakankhidwa ndiye kuti wina wadyapo"

Ziphuphu zilipo, ndipo woziona ali ndi kokanena: ku bungwe la Anti-Corruption Commission, kapena ku Judicial Complaints Commission, limene limalandira madandaulo okhudza khalidwe la majaji ndi oweruza ena. Koma zifukwa zambiri zokankhira milandu n'zapoyera. Samani sinafike kwa wosumiridwa, kapena inafika koma palibe pepala lotsimikiza kuti anailandira, ndipo woweruza sangazenge munthu amene sanaitanidwe. Mboni yadwala kapena yasowa ya basi. Loya ali ndi milandu iwiri ola limodzi m'makhoti awiri. Majisitireti wasamutsidwa mlandu uli pakati. Majaji a High Court amapitanso kukazenga milandu yaupandu, imene imatsogozedwa chifukwa anthu ake ali m'ndende. Chaka cha chisankho chimawonjeza china: madandaulo a aphungu ayenera kumvedwa m'masiku 90, choncho majaji amaika pambali milandu ya ngongole ndi ya malo kuti athane ndi ya andale. Apa m'pamene timaona kuti kupatsa mtundu umodzi wa milandu tsiku lolimba kumakankhira kumbuyo mitundu ina yonse.

Tisaiwalenso kuti nthawi zambiri wopempha kuti mlandu ukankhidwe amakhala mmodzi wa eni ake. Mnzanu akapempha popanda chifukwa chomveka, muli ndi ufulu woimirira n'kutsutsa, ndi kupempha kuti akubwezereni zimene mwawononga pa tsikulo. Anthu akumudzi ambiri amangokhala chete poopa kuoneka amwano pamaso pa woweruza. Kulankhula mwaulemu kuti mwachokera kutali, mwabwera ndi mboni ziwiri ndipo aka si koyamba, si mwano. Woweruza sangaganizire mtunda umene sanauzidwe.

"Ukakana samani, kapena ukangokhala osapita, mlandu umafa wokha"

Umafa ukakhala kuti wosapitayo ndi wodandaula. Wosumiridwa akapanda kuyankha kapena kuonekera, khoti likhoza kugamula iye kulibe, ndipo amadzadzidzimuka mabelifi olanda katundu ali pakhomo. Wobisala amaitanidwa kudzera m'nyuzipepala khoti likalola, ndipo zimawerengedwa kuti waitanidwa ngakhale nyuzipepalayo sanaione. Ku lokolo khoti, wonyoza samani akhoza kutumiziridwa mesenjala kudzamugwira.

"Khoti lenileni ndi la ku Lusaka, ndipo popanda loya palibe chako"

Milandu yambiri ya anthu wamba m'Zambia imathera ku lokolo khoti, kumene amaweruza potsata miyambo ya anthu a m'deralo, m'chilankhulo chimene eni mlandu akumva. Kumeneko maloya saimira anthu pa milandu yotere. Aliyense amadzilankhulira yekha. Maukwati a mwambo, kusudzulana, kutukwanizana, ngongole zazing'ono, zonsezi n'za kumeneko, ndipo zimatha msanga kuposa ku makhoti aakulu. Ku Lusaka kuli khoti la ngongole zazing'ono la Small Claims Court, nalonso lopanda maloya oimira anthu. Mikangano ya malo ili ndi bwalo lakelake la Lands Tribunal, limene lamulo la 2010 linalipatsa mphamvu zomva ngakhale nkhani za malo a mafumu. Izi n'zofunika kwa anthu a m'mbali mwa msewu wa Great East, kumene a mumzinda akugula minda n'kuisandutsa ya mapepala. Lamulo la malo la 1995 limafuna kuti mfumu ndi khonsolo avomereze malo a mwambo asanasanduke a lizi, ndipo milandu yambiri imabuka pamene banja lolima pamalopo silinafunsidwe. Kutengera nkhani ku khoti losayenera kumadya miyezi, chifukwa woweruza amangoibweza kuti ikayambire koyenera.

Wosowa ndalama ya loya akhoza kupita ku Legal Aid Board. Anthu amaganiza kuti bungweli limathandiza akaidi okha, koma limagwiranso milandu ya munthu ndi mnzake, ndipo lamulo lake latsopano la 2021 linavomereza maparaligo, anthu ophunzitsidwa zamalamulo amene si maloya koma akhoza kukuunikirani khomo loyenera kugogoda.

Palinso amene amati jaji akakutumizani kokambirana ndiye kuti mlandu wanu waupeputsa. Malamulo a High Court analola kutumiza milandu kwa amkhalapakati kuyambira mu 1997, ndipo ndime 118 ija imalimbikitsa njira zoyanjanitsa anthu, kuphatikizapo za makolo athu. Zimene mwagwirizana pamaso pa mkhalapakati zikalembedwa n'kulembetsedwa ku khoti zimakhala ndi mphamvu ngati chigamulo cha jaji, ndipo sizichitidwa apilo. Mfundo yomalizayi ili ndi mbali ziwiri. Mlandu umatheratu, mnzanu sangakukokereni ku makhoti apamwamba kwa zaka. Koma mukasaina musanamvetse, kubwerera n'kovuta kwambiri. Musasaine pepala limene simunawerengeredwe m'chilankhulo chanu.

"Chigamulo chikatuluka, ndalama zabwera"

Khoti siligwira ndalama n'kukupatsani. Limanena kuti wakuti akulipireni, ndipo iye akakana, mumabwereranso kukapempha kuti mabelifi a ofesi ya Sheriff akalande katundu wake n'kumugulitsa. Masiku 180 aja amathera pa chigamulo. Zotsatira zake zilibe kalendala yotere, ndipo ngati woluzayo alibe katundu, pepala lanu lidzangokhala m'chikwama. N'chifukwa chake musanagulitse ng'ombe kuti muyendetse mlandu, muyambe mwafufuza ngati mukumusumirayo ali nacho choti n'kulanda.

Woluza akachita apilo sizitanthauza kuti chigamulo chaima. Ayenera kupempha khoti padera kuti liimitse kulanda, ndipo khoti likhoza kukana. Apolisi nawo si otolera ngongole, ngakhale ambiri amathamangira kupolisi kuti akaopseze wangongole. Ngongole yokha si mlandu waupandu. Lamulo la Debtors Act limalola kutsekera munthu mpaka milungu 6, koma ndi khoti lokha limene lingalamule, litakhutira kuti munthuyo ndalama ali nazo kapena anali nazo chigamulo chitatuluka, n'kukana dala kulipira.

Ngati amene mwamupambana ndi boma, mabelifi alibe mphamvu konse. Lamulo la State Proceedings Act limaletsa kulanda katundu wa boma. Wopambana amatenga chikalata cha khoti n'kukalowa pamzera wodikira malipiro kuchokera ku thumba la chipukuta misozi limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016, ndipo liwiro la mzerawo limadalira ndalama zimene Nyumba ya Malamulo yaika m'bajeti ya chaka chimenecho.